Chimfine cha Bambo Ake a Tionemo

Pakhomo potulukira m'sitolo yaikulu ija, pafupi ndi pomwe amaunjika mabasiketi, pamaima mayi wina wovala yunifolomu ya alonda, wamfupi, wa maso olowa mpaka m'fupa. Ntchito yake ndi kuona malisiti ndi kusuzumira m'zikwama za ogula. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse amangoti Tionemo, chifukwa ndiwo mawu amene amatuluka pakamwa pake kuyambira potsegula sitolo mpaka potseka. Ukamusekerera, iye amayang'ana thumba lako. Ukamupatsa moni wautali ndiye wadzigwiritsa wekha, pakuti kwa iye munthu wa moni wambiri ndiye kuti pali chimene akuphimba.

Musamude mayiyu. Munthu amene watha zaka akutulutsa sopo m'thewera la khanda, batala m'chipewa cha bambo wovala tayi, ndi mabatire m'kati mwa buledi wobooledwa, mungamuuze kuti anthu ndi abwino? Iye amati wakuba sumudziwira m'manja koma pamapewa, chifukwa munthu wobisa kanthu amayenda ngati wasenza madzi. Mwamuna wake anamuthawa ukwati usanafike pena paliponse, ati anatopa ndi kupeza matumba a buluku atatembenuzidwa m'mawa uliwonse. Tionemo sanalire kwambiri. Anangoti m'matumbamo anapezamodi zimene ankafuna, n'kulongedza katundu wake kubwerera kwa makolo.

Makolowo anali awiri okha m'nyumba ya zipinda zitatu, kumapeto kwa msewu wa fumbi. Bambo ake anali mmisiri wowotcherera zitsulo. Mageti, mabedi ndi mafelemu a mazenera a m'dera lonselo anadutsa m'manja mwawo, ndipo manjawo ankachitira umboni: akuluakulu, okakala, odzaza ndi tizipsera toyera ta moto wothetheka. Utsi wa ntchito yomweyo unawasiyira mphumu, shuga n'kudzabwera pambuyo ngati mlendo wopeza chitseko chili chotsegula. Anali munthu wa nthabwala kwa anthu akunja, koma wa liuma m'nyumba mwake. Mayi ake anali kamunthu kochepa thupi, koyenda mosaponda, kodzuka nkhuku zisanatsike. Nawonso ankamwa mapiritsi a bipi ndi a mtima m'mawa uliwonse, koma ankamwera kukhitchini ali chiimire, moti m'nyumbamo ukati wodwala aliyense ankadziwa kuti ukunena bambo.

Chipatala bambowo sankafuna n'kuchimva komwe. Nthawi ya mliri uja, mng'ono wawo analowa m'chipatala akuyenda yekha, akuseka, atanyamula kajumbo ka zovala. Abale sankaloledwa kulowa. Bambo ake a Tionemo ankapita tsiku ndi tsiku kukaima pageti ndi chakudya, n'kumachipereka kwa mlonda. Tsiku lina mlondayo anawabwezera chakudyacho, n'kuwauza kuti akafunse ku ofesi. Kuyambira pamenepo ankanena poyera kuti iwo adzafera pabedi limene anawotcherera okha, anthu awo akuwaona.

Ndiye chimfine chija chitalowa m'dera, n'kuyamba kugwetsa anthu nyumba ndi nyumba, Tionemo anadziwa kuti chikafika pa bambo ake padzakhala nkhondo. Chinafikadi. Anayamba ndi kuyetsemula, kenaka thupi kutentha, mafupa kuphwanya, ndi chifuwa chouma chokhala ngati munthu akucheka malata. Tionemo anapempha tsiku kuntchito, n'kuwakokera ku kiliniki ya pafupi. Anavomera kokha chifukwa kumeneko sagoneka anthu.

Namwino anawayeza, nawamvetsera pamsana, n'kunena kuti ndi chimfine cha kachilombo, chosafuna mankhwala opha mabakiteriya, ndipo angathe kudwalira kunyumba. Koma anakweza chala. Anati kwa munthu wa mphumu ndi shuga, chimfine si chamasewera. Mankhwala awo a masiku onse asasiye ngakhale chakudya chitakana kulowa. Azimwa madzi pafupipafupi, shuga aziyezedwa kawirikawiri chifukwa thupi likamadwala amakwera yekha, ndipo asagule mankhwala a chifuwa otsekemera aja kapena mapiritsi otsegula mphuno asanafunse. Kenaka anatulutsa kamakina kopana pachala, koyeza mpweya m'magazi, n'kuwapana nako. Kanalemba 95.

“Mukakwanitsa gulani kotere,” anatero namwinoyo akuyang'ana Tionemo. “Nambala ikafika 92 kapena kutsikirapo, kapena akayamba kubanika polankhula, musadikire kuti kuche. Mupite nawo kuchipatala chachikulu.”

“Mwamva, bambo?” anafunsa Tionemo.

“Ndamva, bwana,” anayankha bambowo, maso ali kudenga.

Kamakinako anagula tsiku lomwelo. Pofika kunyumba anaika malamulo ngati a pakhomo pa sitolo. Zenera la kuchipinda likhale lotsegula. Kapu ndi supuni ya bambo zikhale pazokha. Alendo azithera pakhonde. Ndipo poti iye amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, bambo azidzipana chala m'mawa ndi masana, ajambule nambalayo pa foni, amutumizire. Anawauza maso ndi maso kuti tsiku limene nambala idzafike pamene ananena namwino, adzabwera ndi galimoto, kaya alira kaya atukwana.

“Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko,” anatero bambowo. “Ine ndikadzamva kuti zavuta ndidzanena ndekha.”

“Inu simudzanena. N'chifukwa chake ndagula kamakina.”

Mayi ake ankangopinda zovala zimene zinali zopindapinda kale.

Zithunzi zinayamba kubwera, ndipo zinali zokoma. M'mawa wotsatira, 98. Masana, 98. Tionemo ankaima pakhomo pake paja, dzanja lina m'chikwama cha munthu, lina likugwira foni m'thumba kudikira kuti injenjemere. Ikanjenjemera ankapatukira kuseri kwa mabasiketi, n'kuona kagalasi kakuwala ndi nambala yake, mtima n'kukhala pansi pang'ono. Ndikuti pang'ono, chifukwa mtima wa mayi ameneyu sunakhalepo pansi ndi matako onse awiri. Zinthu zikamayenda bwino kwambiri iye ndiye amayamba kununkhiza.

Woyamba kukayikiridwa anali mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, amene amakhala mizere iwiri ya nyumba kuchokera pamenepo. Mlamuyo ndi munthu wa mtima wabwino koma wodziwa mankhwala a matenda alionse, ndipo sayenda chimanjamanja. Tsiku lina madzulo Tionemo anamupeza akutsika pakhonde, chikwama chili m'khwapa, akuyenda mopepuka kwambiri.

“Alamu, mwaswera bwanji? Tionemo m'chikwamamo.”

“Aa, alamu, mpaka pakhomo pa apongozi anga? Ndine wakuba ine?”

“Sindikufuna chimene mwatulutsa. Ndikufuna chimene munalowetsa.”

M'chikwamamo munali botolo la mankhwala a chifuwa, ofiira, onata ngati uchi, litatsika pang'ono pakhosi. Mlamuyo analumbira kuti apongozi angolawa supuni imodzi yokha. Tionemo analanda botololo, n'kumuuza kuti akafuna kupha munthu wa shuga pali njira zachidule kuposa imeneyi. Mlamu anapita akupukusa mutu, akunena kuti n'chifukwa chake ena maukwati amawakanika.

Shuga anakweradi masiku amenewo, ndipo ngakhale namwino anali atanena kale kuti zidzatero, Tionemo sanakhulupirire kuti shuga angakwere popanda womukweza. Anasecha kabati ya kukhitchini. Anasecha matumba a jekete la bambo ake lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Mpaka anatsegula bokosi la zipangizo m'kashedi kakunja, n'kupeza maswiti atabisidwa m'gulovu yachikopa yowotcherera. Anawanyamula ngati wagwira mbava yaikulu, n'kukaima pakhomo pa chipinda.

“Amenewo ndi a tsiku limene shuga watsika, iwe,” anayankha bambo ake ali chigonere, nkhope itayang'ana kukhoma. “Anandiuza achipatala omwewo amene umawapembedzawo. Akhala mmenemo chaka chonse. Uwanunkhize, akununkha chitsulo.”

Ankanunkhadi chitsulo. Tionemo anawabweza mwakachetechete, koma sanapepese, poti kupepesa si mbali ya ntchito yake.

M'chipindamo sankalowa. Limenelo linali lamulo la mayi ake, ndipo linali lomveka. “Iwe umagwira zikwama za anthu tsiku lonse,” anatero. “Ukatengera chimfinechi ukapatsira mzinda wonse, ndipo ukagona iwe, nyumba ino aiyendetsa ndani? Ine ndagona naye chipinda chimodzi munthuyu kuyambira usanabadwe, ngati n'kutengera ndinatengera kale.” Choncho Tionemo ankathera pachitseko, atavala kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno. Akabwera madzulo ankapeza bambo atafunda mpaka m'khosi, ndipo mayi ankamuchingamira m'kanjira ndi chala pamilomo, kuti angogona kumene, asawadzutse.

Chinamuvuta mutu ndi kapampu ka mphumu, kamene bambo ake amapopera m'kamwa akabanika. Tsiku lina anakapeza patebulo mayi atakatulutsa popukuta fumbi. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Kanali kopepuka, chonsecho anali atangokagula kumene. Munthu wa 97 angamalize bwanji kapampu msangamsanga chonchi? Anaganiza, anaganiza, n'kupeza yankho logwirizana ndi mtima wake: mlamu uja ali ndi mwana wa mphumu, ndiye kuti akumabwereka. Anamuimbira foni pompo. Zimene anauzana pa foniyo sindingazibwereze, koma mchimwene wake anachita kubwera m'mawa kudzapempha kuti akazi awiriwa asiyane kaye mpaka bambo achire.

Komabe kamtima kanamuuza kuti aone ndi maso ake. Madzulo ena anakana kubwezedwa m'kanjira.

“Ndikufuna ndione akuyezedwa ine ndili pano.”

“Ona, mwanawe, ndani wakuletsa?” anatero mayi ake. “Ima pomwepo.”

Analowa okha, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Katani inali yotseka theka, m'chipinda muli kamdima ka dzuwa lolowa. Mayiwo anatenga dzanja la amuna awo n'kuliika pamiyendo pawo, pamwamba pa bulangeti, manja awo onse awiri atalikumbatira, zala zitapiringizana. Kamakina kanayaka pakati pa zalazo. Anapendeketsa pang'ono kuti mwana wawo aone: 96. Tionemo anali asanaonepo makolo ake atagwirana manja chibadwire. Anachita manyazi, ndipo anayang'ana pansi n'kubwerera kukhitchini. Kumeneko anatsuka mbale akudzidzudzula kuti mtima wake wokayikirawu udzamupha, kuti anthu awiri okalamba akungosamalana iye n'kumawazonda ngati mbava za sopo.

Masiku otsatira anayesetsa kukhala munthu. Nambala zinkabwera 96, 95, 95, iye n'kumati chimfine chimatero, chimayamba chakwera chisanatsike. Chifuwa cha bambo chinkamveka kudutsa khoma, chakuya, chokoka, koma kamakina sikanama. Ataona mayi ake akutsamira chitseko cha kukhitchini ndi ndowa m'manja, anawafunsa ngati ali bwino. Anati ndi tulo chabe, munthu wodwazika sagona. Mawu awo anali osasa, ndipo anati ndi fumbi la m'kashedi limene iye mwini analibalalitsa posaka maswiti. Tionemo anaseka n'kuzisiya. Tsiku limenelo sanayang'ane mapewa a munthu.

Chithunzi cha 93 chinafika masana, sitolo itadzaza, mzere wa ogula utafika kumashelefu a mafuta ophikira. Tionemo anachiona. Inali nambala imodzi yokha pamwamba pa mzere wa namwino. Anasiya bambo wina atatsegula chikwama chake chomwecho, n'kupita kuseri kwa mabasiketi kukachiyang'anitsitsa.

Chithunzichi chinali chosiyana ndi zinzake. Zonse zam'mbuyo zinkajambulidwa pafupi kwambiri, kagalasi kokha kakudzaza foni yonse. Ichi chinajambulidwa mothamanga, foni inapendekeka, ndipo m'munsi munaoneka mbali ya dzanja. Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Khungu lake linali losalala, lopanda chipsera ngakhale chimodzi. Zala zinali zing'onozing'ono. Pa chala choyandikana ndi chopanidwacho panali mphete yopyapyala, yotha mbali imodzi, imene Tionemo ankaiseweretsa ali mwana akakhala pamiyendo pa mayi ake m'basi.

Anaima duu. Kenaka anabwerera m'mbuyo chithunzi ndi chithunzi, koma zonsezo zinkangoonetsa kagalasi. Anakumbukira manja opiringizana aja pa bulangeti, ndi misozi imene inatsala pang'ono kumutuluka, ndipo mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Iye Tionemo, amene mbava za mzinda wonse zimalambalala khomo lake, kupusitsidwa ndi nkhalamba ziwiri m'nyumba yomwe amagona! Pansi pa mkwiyowo panali mantha ozizira, chifukwa ngati chala chinali cha mayi, ndiye kuti nambala ya bambo sankaidziwa munthu aliyense chichokere ku kiliniki kuja.

Anapita kwa woyang'anira alonda n'kumupatsa cholembera chosainira malisiti. Bwanayo anayamba kufotokoza za malamulo a kampani, koma atamuyang'ana nkhope anangoti apite. M'minibasi anthu ankamupatsa malo poona yunifolomu ndi mmene ankapumira. Njira yonse ankakonza mawu oti akawauze, ndipo onse anali olasa.

Anapeza geti lili lotsegula. Pakhonde panali beseni la zovala zonyowa, zina zitafinyidwa zina ayi, ndipo mayi ake anali atakhala pa sitepe pafupi nalo, mutu atatsamiritsa ku chipilala. Atamuona anayesa kudzuka.

“Wabwera msanga bwanji, mwanawe? Kwagwanji kuntchito?”

Tionemo anangowadutsa. Analowa m'chipinda muja ndi nsapato zake za ntchito, n'kukoka katani yonse. Kuwala kutagwera pabedi anaona zimene bulangeti ndi kamdima zinkamubisira. Bambo ake anali atakhala chotsamira mapilo atatu, mapewa akukwera ndi kutsika, masaya atalowa, milomo itauma ndi kuda. Kapampu kanali m'dzanja lawo ngati ndodo ya wakhungu.

“Dzanja,” anatero Tionemo.

“Ndayeza kale... sunalandire?”

“Ndati dzanja, bambo. Lanu.”

Anayang'anizana. Bambowo anazindikira kuti madzi achita katondo. Anatulutsa dzanja lawo la zipsera pang'onopang'ono, iye n'kutenga kamakina pampando, n'kuwapana. Kanaphethiraphethira, kenaka kanakhazikika pa 88. Anasintha chala, anachipukuta, anadikira. Kanabwereza zomwezo.

“Nyamukani. Tikupita.”

“Sindipita.” Mawu ankatuluka awiriawiri, mpweya ukuwathera pakati. “Ndinakuuza... kalekale. Mukandisiya pageti... n'kumabwera ndi chakudya. Ine ayi.”

“Masiku ano amalola odwazika, bambo. Nthawi ija inapita.”

“Amatero... polowa.”

Mayi ake anali atafika pachitseko, atagwira felemu ndi manja awiri. Tionemo anawatembenukira, ndipo mawu onse a m'minibasi aja anatuluka.

“Ndipo inu, amayi. Inu ndimakuyesani munthu. Bambowa ndimawadziwa, ndi mwala, koma inu mwakhala mukundiyang'ana m'maso tsiku ndi tsiku, n'kumandipatsa tiyi, mukudziwa kuti mukundinamiza. Ndayambana ndi alamu chifukwa cha kapampu, inu muli chete. Mukufuna afere pabedi pano kuti muzidzati munawamvera?”

“Anandipempha akulira,” anayankha mayiwo motsitsa. “Iwe sunawaonepo bambo ako akulira. Ndikanatani?”

“Mukanandiuza ine.” Anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi chimodzichimodzi. “Taonani bodza lanu, lili m'ndandanda. Iyi 98. Iyi 97. Iyi 96, tsiku lija munandichititsa manyazi. Iyi 95, iyi 95, lero 93...”

Anaima pomwepo, chala chili pa foni. M'chipindamo munangomveka kupuma kwa bambo ake. Kenaka anamva kuti kupumako sikunali kwa munthu mmodzi. Kwina kunkachokera pachitseko, kofulumira, kosaya, kobisidwa ndi milomo yotseka.

Anawayang'ana mayi ake monga amayang'anira anthu pakhomo pa sitolo, kuyambira kumapewa. Mapewawo ankakwera ndi mpweya uliwonse. Pamphumi panali thukuta, maso ali ofiira, ndipo mapazi anali atatupa mpaka zingwe za patapata zitalowa m'khungu. Zonsezi zinalipo dzulo ndi dzana, iye akuzidutsa m'kanjira ndi maso ake otchukawo.

“Amayi, khalani apa.”

“Ine ndili bwino, ndi tulo chabe. Yang'ana bambo ako.”

“Khalani.”

Anawakhazika pampando, n'kuchotsa kamakina pa chala cha bambo n'kukapana pa chawo. Dzanjalo linali lotentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa. Mayiwo, mwachizolowezi, anakoka mpweya wambiri kawiri katatu, monga munthu wokonzekera kujambulidwa, koma chifuwa chinawadula n'kuwapinda pakati. Atawongoka, kamakina kanali katalemba 90.

“Mapiritsi anu a mtima mwamwa lero?”

“Anatha... ndimati ndikatenge bambo ako akapeza bwino.”

Tionemo anatembenuza dzanjalo kuti bambo ake aone. Bambowo anasuzumira, anatsinzina, anasuzumiranso.

“Kawonongeka kameneka,” anatero.

“Sikanawonongeke. Nambala zonse munkanditumizira zija ndi za amayi. Zimatsika tsiku ndi tsiku ndi zawo. Inu mumajambula, simunaone?”

Bambowo anaona, ndithu anaona. Anali iwo amene m'mawa uliwonse ankagwira foni, n'kumadandaula kuti nambala ikuchepa, mwana uja atitulukira. Masana omwewo, kamakina katayamba kulemba 91, anawakalipira akazi awo kuti akhale bwino, apume mwamphamvu, asawagwiritse, mpaka kanakwera kufika 93, iwo n'kujambula msangamsanga kasanatsikenso. M'mutu mwawo nambala imeneyo inali yawo, yobwereka, yongodutsira pa mlonda. Kuti ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi mtima wofooka, sizinawafikepo n'kamodzi komwe.

“Ndinakuuzani kuti... mupume mwamphamvu,” anatero potsiriza, akuyang'ana akazi awo. Mawuwo anatuluka ngati funso.

“Ndinayesetsa, abambo,” anayankha mayiwo, ngati akupepesa.

Tionemo mkwiyo unamuthera, kunatsala chisoni ndi mantha okhaokha. Anaimbira mchimwene wake kuti abwere ndi galimoto msanga, asafunse zambiri. Atadula foni anagwada pafupi ndi mayi ake n'kuwauza kuti awathandize kusintha diresi, chifukwa imene anavalayo inali yonyowa ndi madzi ochapira.

“Sindingapite ine n'kuwasiya awa,” anatero mayiwo. “Adzawapatsa madzi ndani? Usiku amabanika, amafuna wowadzutsa n'kuwakhazika. Undisiye, ukangonditengera mapiritsi ndikhala bwino.”

“Amayi, mtima wanu.”

“Ndati sindiwasiya. Akakhala, ndikhala.”

Sananene mokweza, koma Tionemo ankawadziwa mayi ake. Kamunthu kameneka sikanakanepo kanthu m'nyumbamo, ndipo anadziwa kuti kakakana lero, ngakhale alonda onse a kusitolo atabwera sangakanyamule. Anakhala pansi pa simenti pakati pa bedi ndi mpando, yunifolomu ili m'fumbi, wasowa mtengo wogwira.

Bedi linalira. Bambo ake anali atakankha bulangeti, akutsitsa miyendo umodziumodzi. Anakhala m'mphepete, manja atagwira chitsulo cha bedilo, akupuma wefuwefu, maso ali pa mapazi otupa a akazi awo.

“Nsapato zanga... zili kuti?”

Mayi ake anayamba kudzuka pampando kuti akazitulutse kunsi kwa bedi.

“Khalani pansi, amayi,” anatero bambowo. “Ndivala ndekha.”

Anawerama movutika n'kuzikoka. Chingwe chinkawapulumuka, ndipo ankaima kaye kuti apeze mpweya. Tionemo anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo analikankha. Galimoto itaimba hutala pageti anali akulimbana ndi nsapato yachiwiri.